Wopanda mlandu nayenso ali ndi chinsinsi

Nkhani ya mafoni ikabuka, kaya mu chapa yochoka ku Ulónguè kutsikira ku Tete, kaya pamaliro anthu akudikira chakudya, sipalephera kupezeka wina wonena kuti, “Ngati sunalakwe ukuopa chiyani? Boma limvere, ine ndilibe chobisa.” Onena zimenezi kawirikawiri si anthu oipa. Ndi alimi a fodya ndi mbatata, aphunzitsi, amayi a geni, anthu osafuna kuyambana ndi aliyense. Koma akulakwitsa, ndipo kulakwitsa kwawoko n'kumene kumapatsa mpata malamulo oti atizinge tonse tili duu.

Bambo yemweyo wonena kuti alibe chobisa, banja lake likagwedezeka amaitana ankhoswe, ana n'kuwauza kuti akasewere kutali. Akagulitsa ng'ombe sauza mudzi kuti ndalama wazisunga pati. Mkazi wake akamapita kuchipatala kukatenga mankhwala a mwezi ndi mwezi salengeza pachitsime. Anamkungwi amalangiza namwali kuseri, ndipo za kudambwe sizikambidwa pamsika. Pa zonsezi palibe mlandu ngakhale umodzi. Pali zoti amve onse, pali zoti amve awiri, ndipo makolo athu sankasokoneza ziwirizi. Chimene chasintha n'chakuti za awirizo tsopano zimadutsa mu foni, ndipo njira imene zimadutsamo ili ndi eni ake amene sitiwaona.

Tikumbutsane mmene kulembetsa ma SIM kunayambira m'dziko muno la Mozambique. Pa 1 ndi 2 Seputembala 2010 anthu ku Maputo ndi ku Matola anatseka misewu pokwiya ndi kukwera mtengo kwa buledi, madzi ndi magetsi. Anthu oposa 10 anafa. Uthenga woitanira anthu kumsewu unkayenda pa SMS, foni ndi foni, popanda mtsogoleri woti apolisi n'kumugwira. Patangopita masiku ochepa ma SMS anasiya kuyenda kwa anthu ambiri, ndipo mwezi womwewo usanathe boma linalamula kuti SIM iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Masiku ano amatiuza kuti kulembetsaku n'kothana ndi akuba a pa M-Pesa, koma mu 2010 M-Pesa inali isanafike n'komwe ku Mozambique. Lamuloli linabadwa chifukwa anthu anjala analankhulana boma lisakudziwa kuti wayambitsa ndani. Mu 2015 analilimbitsa, manambala osalembetsa anayamba kutsekedwa. Mu 2023 kunabweranso malamulo atsopano, oyang'aniridwa ndi bungwe la boma loona za mafoni la INCM, ofuna kuti polembetsa nambala pakhale zidindo za zala ndi chithunzi cha nkhope. Nambala mukhoza kuitaya n'kugula ina. Zala simungasinthe.

Ambiri akamva zoti boma likutsata mafoni amaganiza za wapolisi wokhala m'chipinda, wavala zomvera m'makutu, akumvetsera mkazi ndi mwamuna akukangana za ndiwo. N'kuseka, n'kumati angamvere anthu onsewa ndani. Koma safunikira kumva mawu ayi. Foni iliyonse, ngakhale ya mabatani, imadziwitsa antena yapafupi kuti ndili pano, chifukwa popanda kutero siingalandire kuitana. Kampani, kaya ndi Movitel, Vodacom kapena Tmcel, imakhala ndi kaundula wa amene anaimbira mnzake, nthawi yake, mphindi zingati, ali pansi pa antena iti. Akatswiri amazitcha metadata. Tayerekezani nambala imene imagona ku Dómuè, imawoloka malire pa Calómuè tsiku la msika, imaimbira namwino mmodzimodzi kumapeto a mwezi uliwonse, ndipo madzulo a tsiku limene kunali msonkhano wa chipani chotsutsa inali pansi pa antena ya pabwalo pomwepo, kenako n'kuimbira mtolankhani. Palibe wamva liwu lililonse, koma matenda ake, malonda ake ndi ndale zake zadziwika. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Lero ngakhale phazilo limakutsata. Michael Hayden, amene anatsogolerapo mabungwe a ukazitape a NSA ndi CIA ku America, ananena poyera mu 2014 kuti iwo amapha anthu potengera metadata. Chaka cha 2013 Edward Snowden anali ataulula kale kuti boma la America linkasonkhanitsa kaundula wotere wa anthu mamiliyoni amene sankaganiziridwa mlandu uliwonse.

Chodabwitsa n'chakuti malamulo aakulu a dziko lathu, a 2004, amalankhula bwino pa nkhaniyi kuposa a mayiko ambiri. Ndime 68 imati nyumba ya munthu ndi makalata ake, pamodzi ndi njira zina zolankhulirana mwamseri, sizilowereredwa, kupatula pamene lamulo lalola mwapadera. Ndime 71 imaletsa kugwiritsa ntchito makompyuta polemba ndi kusunga zokhudza maganizo a munthu pa ndale, chipembedzo chake, chipani kapena bungwe la antchito limene alimo, ndi moyo wake wamseri. Imatinso munthu ali ndi ufulu woona zimene zasungidwa zokhudza iye ndi kuzikonzetsa. Ndime yomweyo imasiyira lamulo lina ntchito yofotokoza mmene chitetezochi chiziyendera. Mu 2019 dziko linavomerezanso pangano la African Union la ku Malabo, lokhudza chitetezo cha pa intaneti ndi mbiri za anthu. Komabe kuyambira 2010 mpaka zipolowe zotsatira chisankho cha 2024, zaka zonsezo boma likutolera mayina, manambala a bilhete (chiphaso cha unzika) ndi nkhope, dziko linalibe lamulo lapadera loteteza zimene zatoleredwazo, kapena ofesi yoima payokha yoti munthu n'kukadandaulako. Zinthu zinayenda chobwerera. Anayamba n'kutolera, zoteteza n'kuzisiyira mawa.

Ife a ku Tete tazunguliridwa ndi mayiko atatu, ndipo onse anatitsogolera pamenepa: Zambia ndi Zimbabwe anakhazikitsa malamulo oteteza mbiri za anthu mu 2021, Malawi mu 2024. Sindikunena kuti kumeneko zili bwino. Zimbabwe ili ndi lamulo lomvera mafoni kuyambira 2007, ndipo Zambia mu Epulo 2025 inabweretsa malamulo a chitetezo cha pa intaneti amene maloya ndi atolankhani akumeneko anawadandaula kuti akupereka mphamvu zochuluka zomvera anthu. Lamulo lokhala ndi dzina labwino likhoza kukhala ndi mano oipa. Koma munthu wa ku Dedza ali ndi ndime yoti aloze akapita kukhoti, pamene msuweni wake wa tsidya lino la msewu anakhala zaka zambiri alibe.

Tsopano mbali inayo, chifukwa ilipo ndipo si yopusa. Kuyambira Okutobala 2017, pamene zigawenga zinaukira Mocímboa da Praia, anthu masauzande aphedwa ku Cabo Delgado ndipo ena ochuluka zedi anathawa kwawo. Ku Maputo ndi ku Beira kwakhala kuba anthu a malonda n'kumafuna dipo. Kuno kwathu timadziwa za anthu achialubino obedwa ndi kuwolotsedwa malire, ndiponso aliyense analandirapo kauthenga kakuti “ndatumiza ndalama molakwika, bwezani.” Onsewa amagwiritsa ntchito foni. Wapolisi wofufuza mwana wobedwa akapempha kuti aone kumene foni ya woganiziridwayo ili, ndani angamukanize? Ine sindingamukanize. Apite kwa jaji, anene dzina la munthuyo ndi chifukwa chake, apatsidwe chilolezo cha masiku owerengeka, agwire ntchito. Zimenezo ndi kufufuza mlandu. Chimene ndikukana ndi chinthu china chimene chimabisala kumbuyo kwa chimenechi: kusunga mayendedwe ndi mauthenga a aliyense, nthawi zonse, kuti mwina tsiku lina adzafunika. Koyambako amayamba ndi mlandu n'kufunafuna munthu. Kwachiwiriku amayamba ndi munthu n'kumufunira mlandu.

Ndipo tisanamizane kuti kulembetsa kumagwira akuba enieni. Wakuba amadziwa kugula SIM yolembetsedwa m'dzina la munthu wina, mwina la agogo amene anapereka bilhete yawo kwa mnyamata wa pamsika kuti awathandize. Wa m'malire amangosintha n'kuika ya tsidya lina. Amene amatsala mu ukondewo, dzina lenileni ndi nkhope yeniyeni, ndi ife omvera malamulo.

Funso lalikulu, limene onena kuti alibe chobisa salifunsa, ndi lakuti nkhokwe imeneyi akuisunga ndani. Timalankhula za “boma” ngati ndi munthu mmodzi wanzeru ndi wachifundo. Boma ndi anthu, ena abwino, ena ali ndi ngongole, ena ali ndi nsanje, ena akufuna mkazi wa mwini. Bungwe la ukazitape la SISE, limene ntchito yake ndi kudziwa zinsinsi za dziko, ndi lomwe linali pakati pa ngongole zobisika za pafupifupi madola 2 biliyoni zimene makampani a ProIndicus, EMATUM ndi MAM anatenga mu 2013 ndi 2014 Nyumba ya Malamulo isakudziwa. Zitaululika mu 2016, ndalama yathu ya metical inagwa, opereka thandizo anabweza manja, ndipo tonse tinalipira pa mtengo wa sopo ndi feteleza. Mu Disembala 2022 khoti linagamula mkulu wakale wa bungweli, Gregório Leão, kuti akakhale kundende zaka 12. Sindikunena kuti aliyense wogwira ntchito kumeneko ndi wakuba. Ndikunena kuti ofesi imene imagwira ntchito mumdima popanda woiyang'ana inatisonyeza kale zimene ingachite ndi ndalama zathu. N'chifukwa chiyani tiyenera kuipatsa mauthenga athu popanda woiyang'ana?

Chigawo chino sichifunika kuphunzitsidwa ndi azungu za kuipa kokhala ukuonedwa. Agogo athu ankadziwa akazitape a PIDE, polisi yachinsinsi ya Apwitikizi, ndi midzi ya mpanda imene atsamunda ankasonkhanitsiramo anthu kuti aziwawerenga. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Portugal anapha anthu pafupifupi 400 ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kufupi ndi mzinda wa Tete. Dziko lapansi linadziwa chifukwa opulumuka analankhula mwamseri ndi ansembe, ansembewo n'kulemba mayina ndi kutulutsa mapepalawo m'dziko boma lisakudziwa, mpaka Adrian Hastings anazifalitsa mu nyuzipepala ya The Times mu Julayi 1973. Boma la nthawiyo linakana, ndipo panatenga zaka 50 kuti nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, ipepese mu 2022. Akanakhala kuti PIDE inali ndi kaundula wa aliyense amene analankhula ndi wansembe sabata imeneyo, mboni zija zikanafika kuti?

Ufulu utabwera, maso sanatseke. Kunabwera SNASP, polisi yachinsinsi ya boma latsopano, imene inakhalapo mpaka 1991, kunabwera guia de marcha, kapepala koti munthu aonetse pochoka mudzi wake kupita kwina. Ndiponso si zakale zokha. Mu Januwale 2012 mabanja amene anasamutsidwira ku Cateme kuti apereke malo ku migodi ya malasha ya ku Moatize anatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka, apolisi anawabalalitsa ndipo ena anamangidwa. Mu 2016 anthu masauzande a m'chigawo chino anathawira ku Kapise, m'boma la Mwanza ku Malawi, ambiri akunena kuti nyumba zawo zinatenthedwa powaganizira kuti akudyetsa Renamo. Boma linakana. Koma onani kuti pa nkhani zonsezi munthu sanafunike kulakwa. Kuganiziridwa kunali kokwanira. Ku Palma, m'chigawo cha Cabo Delgado, mtolankhani wa wailesi ya m'dera, Ibraimo Mbaruco, anasowa pa 7 Epulo 2020 atatumizira mnzake uthenga woti wazunguliridwa ndi asilikali. Patapita zaka ziwiri, mu 2022, kunabwera lamulo lothana ndi uchigawenga lokhala ndi chilango cha kundende kwa wofalitsa nkhani zabodza zokhudza zauchigawenga, ndipo bungwe la atolankhani la MISA linachenjeza kuti ndime zotere zikhoza kutseka pakamwa olemba nkhani za nkhondoyo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye pali chiyani m'manja mwathu? Pali chinthu chimodzi chimene PIDE sinakumane nacho, njira yotsekera uthenga imene imatchedwa encryption. SMS ili ngati kalata yosamata imene mwapatsira kondakitala wa chapa: ifika ndithu, koma aliyense woigwira panjira akhoza kuiwerenga. Kuimba foni wamba nakonso kumadutsa m'makina a kampani mmene angathe kukumvera. Pa WhatsApp, kuyambira mu Epulo 2016, zinthu zimayenda mosiyana. Foni yanu imasandutsa uthenga kukhala zilembo zopanda tanthauzo usanachoke, ndipo kiyi woumasulira ali mu foni ya wolandirayo basi. Kampani ya netiweki imangoona kuti megas a intaneti adyeka. Ngakhale eni WhatsApp sangawerenge mawuwo. Njirayi anaitenga ku Signal, pulogalamu ina yaulere imene imapitirira apo, chifukwa siisunga n'komwe kaundula wa amene mumalankhula nawo. Makhoti a ku America atailamula kuti ipereke zimene ikudziwa za munthu, inali ndi tsiku limene analembetsa ndi tsiku limene analowa komaliza, basi. WhatsApp, imene ndi ya kampani ya Meta, imadziwa zambiri kuposa pamenepo za amene mumalumikizana nawo. Telegram, imene ambiri amaiyesa yobisika kwambiri, siitseka motere mauthenga wamba kapena a m'magulu, pokhapokha mutasankha nokha macheza achinsinsi.

Maboma ambiri sakondwera nazo, ndipo pempho lawo limamveka laulemu. Amati tsekani ndithu, koma pakhale kiyi wapadera woti boma lokha lizitsegulira pakakhala chifukwa. Vuto lake si la ndale, ndi la kapangidwe ka chinthucho. Kiyi sadziwa dzanja lomugwira. Ku Greece, mu 2004 ndi 2005, anthu osadziwika analowa m'makina a Vodafone n'kugwiritsa ntchito mbali yomwe inapangidwira apolisi kuti azimvera mafoni mwalamulo, ndipo anamvera manambala pafupifupi 100, kuphatikizapo ya nduna yaikulu Kostas Karamanlis. Mu 2024 boma la America linanena kuti gulu logwirizana ndi China, lotchedwa Salt Typhoon, linalowa m'makampani akuluakulu a mafoni monga AT&T ndi Verizon, mpaka kufika ku makina okhudzana ndi kumvera kololedwa ndi makhoti. Akuluakulu a chitetezo a dzikolo anafika polangiza anthu awo kuti azigwiritsa ntchito mapulogalamu otseka mauthenga, omwewo amene maofesi ena a boma lomwelo akhala akuwadandaula. Ngati America ndi chuma chake inalephera kusunga khomo lotere, ife tilisunga ndi chiyani?

Komabe nkhondoyi ikupitirira. Britain inagwiritsa ntchito lamulo lake la 2016 kukakamiza Apple, kampani yopanga mafoni a iPhone, kuti ipange kiyi wapadera, ndipo mu Febuluwale 2025 kampaniyo inachotsa chitetezo chake champhamvu kwambiri kwa anthu a m'dzikolo m'malo mopanga kiyi wapaderayo. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, khoti la ku Europe loona za ufulu wa anthu linagamula, pa mlandu wokhudza Russia ndi Telegram, kuti kukakamiza kampani kufooketsa chitetezochi n'kuphwanya ufulu wa anthu onse ogwiritsa ntchito. Nkhani zimenezi zikuoneka zakutali, koma malamulo amayenda. Chimene Britain yachita lero, nduna ina kuno idzachinyamula mawa n'kumati ngakhale azungu amatero.

Amene amati kutseka mauthenga kumamanga apolisi manja akukokomeza. Apolisi akadali ndi metadata, ali ndi mboni, ali ndi kaundula wa ndalama za pa M-Pesa ndi e-Mola, akhoza kulanda foni ya woganiziridwa ndi chilolezo. Palinso mapulogalamu a ukazitape monga Pegasus, imene imalowa mu foni yeniyeniyo n'kuwerenga uthenga utamasulidwa kale. Mu 2019 WhatsApp inasumira kampani yopanga pulogalamuyi, NSO Group, ponena kuti inalowera anthu pafupifupi 1,400. Zida zoterozo n'zoopsa, koma n'zodula, ndipo zimalowa foni imodziimodzi. Phindu lenileni la encryption lili pamenepo. Siiletsa boma kufufuza munthu. Imangolikakamiza kusankha woti limufufuze, m'malo mokokolola chigawo chonse pamtengo wa ziii.

Ndisakunamizeni kuti foni yotseka mauthenga ndi chithumwa. Tinaona malire ake pambuyo pa chisankho cha pa 9 Okutobala 2024. Loya Elvino Dias ndi Paulo Guambe wa chipani cha Podemos ataphedwa ku Maputo, zionetsero zoitanidwa ndi Venâncio Mondlane, amene anapikisana nawo pa upulezidenti, zitakula, intaneti ya m'mafoni inayamba kudulidwa kuyambira pa 25 Okutobala, kenako WhatsApp, Facebook ndi Instagram zinatsekedwa kwa masiku. Sanafunike kuwerenga uthenga wa aliyense. Anangotseka msewu. Achinyamata anaphunzira VPN, pulogalamu yolambalalira zotsekedwa pa intaneti, usiku umodzi, a m'malire anatembenukira ku ma SIM a Airtel ndi TNM, koma wamalonda amene amalandira maoda a mbatata pa WhatsApp, ndi mayi wodikira mawu a mwana wake wa ku Johannesburg, analangidwa pa mlandu umene sanapalamule. N'zoona kuti m'magulu a WhatsApp munkayenda mabodza ndi mawu oyambitsa ziwawa, ndipo katundu wa anthu osalakwa anatenthedwa. Koma mabodza amakula bwino mumdima, pamene palibe njira yofunsira wina kuti kodi zimenezi n'zoona. Za VPN ndionjezepo kuti yaulere imene simukudziwa mwini wake imangosamutsa maso, kuchoka ku kampani ya foni kupita kwa mlendo.

Malire ena ali m'manja mwathu momwe, ndipo amenewa ndi amene amagwetsa anthu ambiri kuposa akazitape. Foni yopanda PIN imene yasiyidwa pa shopu yotchajira kapena kwa wokonza mafoni pamsika ndi buku lotsegula. Ambiri WhatsApp anawatsegulira ndi mnyamata wina, ndipo sanayang'anepo ngati pali kompyuta kapena foni ina yolumikizidwa ku akaunti yawo, chinthu chimene chimaoneka pa mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa. Manambala 6 amene amabwera pa SMS polembetsa WhatsApp sapatsidwa kwa munthu aliyense, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani, ndipo PIN yachiwiri yotsimikizira imateteza akaunti ngati wina wakuberani nambala. Mauthenga osungidwa ku Google Drive amafunika kuwatsekera paokha, njira imene inabwera mu 2021 koma siidziyatsa yokha. Ndipo gulu la anthu 200 si chinsinsi, kaya litsekedwe motani. M'gulumo muli mlamu wa mkulu wa nyumba khumi, ndipo kujambula zimene zili pa sikirini kumatenga kamphindi. Zofunika kubisa zimakambidwa ndi anthu ochepa, ndipo mauthenga odzifufuta okha alipo pa chifukwa chimenechi.

Zonsezi zikuthandiza okhawo amene ali ndi foni yamakono ndi ndalama za megas, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana ndi achinyamata ena a m'tauni amene amaganiza kuti akaika Signal nkhani yatha. Pitani ku Tsangano, ku Furancungo kapena ku Chifunde mukaone mafoni amene ali m'matumba a anthu. Ambiri ndi a mabatani. Amaimba, amatumiza SMS, amalandira ndalama podina manambala. Palibe chotsekedwa pamenepo. Ngati chitetezo chili cha pulogalamu yokha, ndiye kuti chinsinsi chasanduka katundu wa olemera, ngati jenereta.

N'chifukwa chake nkhaniyi iyenera kubwerera ku Nyumba ya Malamulo, ndipo chitsanzo sitichifuna ku Europe. Ku South Africa, mtolankhani Sam Sole atazindikira kuti foni yake inkamveredwa pamene ankafufuza nkhani ya katangale, bungwe lake la amaBhungane linapita kukhoti. Mu Febuluwale 2021 khoti lalikulu loona za malamulo a dzikolo linagamula kuti kukokolola mauthenga a anthu mwachisawawa kunalibe lamulo lokuloleza, ndiponso kuti lamulo lomvera mafoni la RICA linali loperewera: jaji wopereka chilolezo sanali woima payekha mokwanira, atolankhani ndi maloya analibe chitetezo chapadera, panalibe dongosolo la mmene zomveredwazo zizisungidwira, ndipo munthu womveredwa sankauzidwa ngakhale kafukufuku atatha. Mfundo yomalizayi ndi imene ndimaiona yamphamvu kwambiri. Wapolisi amene akudziwa kuti tsiku lina mwini foni adzalandira kalata yomuuza kuti anamveredwa, ndiponso kuti akhoza kukasuma, amaganiza kawiri asanapemphe kumvera mdani wa bwana wake.

Zimenezi n'zimene tiyenera kufunsa aphungu athu, a Frelimo, a Podemos, a Renamo kapena a MDM, pa lamulo lililonse lokhudza mafoni ndi intaneti limene lingadutse m'manja mwawo. Osati dzina la lamulolo, koma zam'kati. Kodi womvera foni akufunika chilolezo cha jaji, kapena siginecha ya bwana wake ikukwanira? Kodi intaneti ingadulidwe ndi kalata ya ofesi imodzi? Kodi muli ndime yokakamiza makampani kupereka kiyi wapadera? A chipani cholamula asaganize kuti mafunsowa ndi a otsutsa okha, chifukwa nawonso amakangana m'kati mwa chipani, ndipo nkhokwe ya mauthenga imatumikira amene wagwira kiyi tsiku limenelo. Agogo a ku Chifunde alibe batani loti adine kuti adziteteze. Chimene chingawateteze ndi ndime yonena kuti zidindo za zala zawo sizipita kwa wina aliyense popanda khoti, kuti kampani ifufute kaundula wa maulendo awo pakatha miyezi yotchulidwa, ndi jaji amene ali ndi mphamvu yokana.